Kuwoloka Apolisi

Ana inu, senderani pafupi. Sikuti mawu anga achepa ayi, mawu anga mukuwadziwa, ndikatsokomola pano amamva ndi a kutsidya kwa njanji. Ndikufuna ndizikuonani kumaso, poti maso ndiwo ayamba kundithawa. Tadala, siya mpungawo, upeta nthawi ina. Chisomo, khala pamphasa apa, koma usandiponde phazi lotupali. Iwe Yamikani, njinga yakoyo ichoke pakhomo panga, kaiimike kuseri kwa nkhokwe. Chisoticho vula. Sungamvere gogo wako mutu uli mumphika.

Nkhani ndakuitanirani ndi imodzi. Ndikufuna Yamikani asiye ntchito imene akugwira kumsewu kuja, yonyamula anthu otsitsidwa m'minibasi n'kumawazembetsa pa rodibuloko. Iye akuti ndi ntchito ngati ina iliyonse. Ine ndikuti msewu umenewo unanditengera kale mwana, mayi wanu Rozina, sindikufuna unditengerenso mdzukulu. Inu awiri ang'onoang'ononu nkhani ya mayi wanu mumangoitola zidutswazidutswa kumjigo. Lero muimva kwa ine.

Msewuwu ine ndinaudziwa usanavale phula. Ine Gelevazio ndinali wa ngolo. Sukulu ndinangoinunkhiza, mpaka lero posaina ndimadinda chala, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma kafunseni aliyense wa imvi, kuyambira ku Golomoti mpaka ku Mtakataka, kuti ndani ankayendetsa ngolo popanda mkwapulo. Akuuzani. Ng'ombe zanga, Bantomu ndi Kaputeni, zinkangomva mawu. Ndikati “Imaaa!” zinkaima, ndi za eni zomwe zinkaima, ndi amayi opita kumunda omwe ankaima. Usaseke Chisomo, n'zoona.

Nthawi imeneyo galimoto inkachita kutumiza uthenga kuti ikubwera. Fumbi unkaliona lili kutali. Unkatha kumaliza chinangwa chako, kuingitsa mbuzi, kukokera mwana pambali, ndiye iyo n'kumadutsa ikutsokomola. Wofuna ulendo wautali ankadikira sitima pasiteshoni, ndipo sitima sichoka panjanji kudzakutsata kunyumba. Ku Dedza tinkapita wapansi, kukwera phiri lonse lija dengu la usipa wouma lili pamutu, kukasinthanitsa ndi kachewere. Kamba wathu chinali chigumu cha nthochi, malambe ndi thobwa la m'chipanda, osati zotsekemera za m'mapepala zimene zakuwonongerani mano inuzi. Tinkafika matuza ali mbwee kumapazi. Choopsa panjira anali fisi. Koma fisi unkamukuwa, iye n'kuthawa. Lole ya masiku ano taikuweni muone.

Phula litabwera tinavina. Agogo anu aakazi, malemu Nachisale, anavula patapata kuti alimve kumapazi, dzuwa la mwezi wa khumi lili phwee. Anadumpha ngati aponda moto, ine ndinaseka mpaka anandimana ndiwo. Tinkati chitukuko chafika. Mpunga wa ku Bwanje uzipita mtawuni tsiku lomwelo, wodwala azifika kuchipatala asanazizire. Ndipo zinaterodi, ine sindinama.

Zinayamba kutha ndi nkhuku. Kenako agalu, kenako mbuzi. Kenako tinayamba kuyala masamba pamsewu kawirikawiri. Mukudziwa kuti pakagwa maliro timaika nthambi zaziwisi pamsewu kuti odutsa adziwe. Kale woyendetsa akaona masambawo ankachepetsa liwiro, wa njinga ankatsika n'kumaikankha, chipewa chili m'manja. Pano amangowaulutsa ndi mphepo.

Boma silinangokhala, ndisalinamizire. Anadzazika zikwangwani. Ine kuwerenga sinditha, koma chija chojambulidwa ana awiri atagwirana manja ndinkachimva bwinobwino. Sichinathe chaka. Chinakasanduka mbaula, ndipo ena mwa amene ankalira pamaliro anawotchapo chimanga. Anadzapaka mizere yoyera powolokera ana asukulu, mvula iwiri inaichapa. Anabwera ndi kamera yoyeza liwiro, apolisi n'kumabisala nayo pansi pa mtengo. Oyendetsa anayamba kuphethirirana magetsi masana, kuuzana kuti kutsogoloko kuli alendo. Amafika pamtengopo akukwawa ngati akupita ku ukwati, akangodutsa, phazi pansi.

Chaka china, mvula itangoyamba, minibasi inaphulika tayala pafupi ndi mlatho n'kugubuduka. Anthu anali atawapanikiza ngati matumba a makala, ena atakhala pamiyendo ya anzawo, chitseko chili chomanga ndi chingwe. Ine ndinali chapafupi, ndili pangolo yanga. Ndinakhuthulira pansi mchenga wa eni n'kuyamba kunyamula anthu kupita nawo kuchipatala cha kumishoni. Ena ndinawatsitsa akubuula, ena ndinawatsitsa ali chete. Ngolo ndinaitsuka kumtsinje, koma ng'ombe zinakana goli mpaka sabata inatha.

Pambuyo pake kunaitanidwa msonkhano pabwalo la sukulu. Kunabwera bwana wa apolisi apamsewu, nsapato zili phuliphuli. Anatiphunzitsa kuti woyenda pansi aziyenda kudzanja lamanja, kuti galimoto aziiona ikubwera kutsogolo kwake. Anthu ankangogwedeza mitu. Atati pali funso, ine ndinaimirira. Anandipatsa chokuzira mawu, ndinachikana.

Ndinati, “Bwana, ife kuyenda timadziwa, tinayamba kale inu musanabadwe. Amene aja sanafe akuyenda, afa atakhala. Ng'ombe ziwiri sindizisenzetsa katundu wa ng'ombe zinayi. Bwanji osaika apolisi pamsewu pano aziwerenga mitu m'minibasimu?”

Bwalo lonse linawomba m'manja, amayi nthungululu. Bwana uja anati, “Bambo awa anena zanzeru.” Pamaso pa aphunzitsi, ana inu! Ndipo mundimvetse bwino, sindinalakwe. Ngakhale lero atandifunsa ndinganene zomwezo.

Rodibuloko inabweradi, migolo iwiri ndi chitsulo chopingasa, pakati pa kwathu kuno ndi Mtakataka. Miyezi yoyamba zinali zokoma. Munthu unkakhala m'minibasi n'kupuma ndi mapapo onse awiri. Ndikamadutsa ndi ngolo apolisi ankandikwezera dzanja, ine n'kumati ndi mwana wanga ameneyu, rodibuloko imeneyi.

Koma makondakitala si ana. Anaona kuti apolisi amawerenga anthu a m'galimoto basi. Ndiye anayamba kupakira monga kale, akatsala pang'ono kufika pamigolo paja n'kuima, n'kutsitsa owonjezera. Otsitsidwawo aziyenda wapansi, adutse apolisi ngati anthu a pamudzi pomwepo, minibasi idutse ili ndi nambala yoyenera, n'kukawadikira kutsogolo. Anthu anachitcha kuwoloka apolisi, ngati kuti apolisi ndi mtsinje. Tinkaseka nazo. Ndipo kondakitala ankadziwa woti amuloze. Wa tayi sankatsika. Wa foni yaikulu sankatsika. Ankatsika ndi mayi wa dengu, mwana wa sukulu ndi nkhalamba ya zigamba.

Ine anandiyesapo kamodzi.

“Madala, tsikani pang'ono, tikumana kutsogolo.”

“Madala ndi bambo ako. Ndalipira mpando kapena ndalipira kuyenda pansi?”

“Aaa, agogo, ndi pompa apa. Mungowongolako miyendo.”

“Wongola yako, ndiwe uli nayo yatsopano.”

Minibasi yonse inafa nacho chiseko, ndi dalaivala yemwe. Anatsika mayi wina wa nkhuku. Nditafika kunyumba n'kufotokoza, Rozina sanaseke. Anangoti, “Ndiye mayiwo anayenda m'malo mwanu, ababa.” Ndinamuuza kuti asandiphunzitse pakhomo panga.

Mayi wanu anali wotero. Iwe Tadala watengera mphuno yokha, mtima sindikudziwa. Ine ndi Nachisale tinamulera mwakale: wamkulu akalowa umupatse mpando, polandira chinthu manja awiri, pokumana ndi nkhalamba panjira upatuke. Bambo anu atapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera, iye sanadandaule kwa munthu. Analima yekha mpunga, kuwokera yekha m'matope ofika m'mawondo, kuingitsa yekha mbalame.

Linali tsiku la msika, nyengo ya mwera, mpunga titakolola. Anapita nawo ku Mtakataka kukagulitsa. Iwe Chisomo anali atangokuletsa kuyamwa, anakusiya ndi ine ukulira. Yamikani anali kusukulu. Zimene ndinene apazi anandiuza ndi mayi wina wogulitsa tomato amene anatsika naye limodzi, ndipo anandiuza kangapo chifukwa ndinkamupempha kuti abwereze.

Pobwerera, dzuwa litangopendeka, minibasi inadzaza. Atayandikira migolo ija kondakitala analoza wa tomato uja, n'kulozanso bambo wina wokalamba wa ndodo, amene ankaoneka kuti akudwala. Bamboyo anayamba kufunafuna ndodo yake pansi pa mpando. Rozina anati, “Agogowa asiyeni, nditsika ine.” Sanamuloze ayi. Anadzipereka yekha.

Anatsika awiriwo. Mayi wanu anati awolokere kudzanja lamanja, monga anatiphunzitsira pamsonkhano paja, poti iye zimene wamva ankazisunga. Anayenda, nafika pamigolo. Anapereka moni, “Mwaswera bwanji, bwana?” Apolisi anayankha, “Taswera, amayi, muyende bwino.” Minibasi inawapitirira, anthu ake ali ndendende mwa lamulo.

Tsono tamverani apa, poti apa ndi pamene pali imfa. Minibasi singadikire poonekera, apolisi angaione ikupakiranso. Imakadikira kuseri kwa kona, pamene msewu wakhota ndipo tchire latchinga. Koma malo amene wapolisi sangakuone ndi malo omwewo amene woyendetsa lole sangakuone. Ndipo wochokera mbali inayo amakhala asanaione migolo, phazi likadali pansi.

Atakhota pakonapo anaiona minibasi itaima kumanzere, injini ikulira, kondakitala akumenya chitseko. “Fulumirani amayi, nthawi! Tikusiyani!” Katundu wa mayi wanu anali momwemo. Wa tomato anawerama kukonza patapata amene anaduka. Rozina anathamanga kuti awoloke.

Inali lole ya simenti.

Minibasi sinadikire. Inanyamuka ndi katundu wake, ndi agogo a ndodo aja omwe, sitinawaonenso ndipo dzina lawo sitilidziwa. Wa lole anathawira pamigolo pomwepo kukadzipereka, kuopa kuti anthu amuwotcha. Ine anadzanditenga ndili kukhola. Ndinapeza atamufunditsa chitenje cha wa tomato uja, mapazi okha ali kunja. Anthu anapatuka, ankadikira kuti Gelevazio abangula mpaka kumveka ku Mua. Sipanatuluke kanthu. Ndinangokhala pansi paphula lotentha.

Titaika maliro, titameta, ndinavala jekete langa la kutchalitchi n'kupita pa rodibuloko. Ndinapita kukatukwana, ndisakubisireni. Ndinapeza mkulu wa pamenepo, bambo wa imvi zoyamba kumene. Atamva kuti ndine ndani anavula chipewa, n'kundipatsa mpando wake.

Ndinati, “Munamuona mwana wanga akudutsa pano?”

“Tinawaona, bambo. Anatipatsa moni.”

“Simunadziwe kuti watsika m'minibasi?”

“Tinadziwa. Timawadziwa onse. Munthu wovala za kumsika, wopanda katundu, akuyenda mwandawala pamalo popanda mudzi, angachokere kuti?”

“Ndiye munangomuyang'ana?”

Anati, “Bambo, lamulo limatiuza kuwerenga anthu amene ali m'galimoto. Woyenda pansi sanaphwanye lamulo lililonse, tingamugwire kuti walakwanji? Tikakaima pakona, iwo azikatsitsira kutsogolo kwake. Tilipo ochepa, galimoto yolondera tilibe, msewu ndi wautali. Tikawafunsa okwerawo kuti mwatsitsa anthu kodi, onse amati ayi. Ngakhale amayi anga atakwera angati ayi.”

Ndinkafuna akhale wamwano, ana inu. Ndinkafuna andikankhe, anditchule mbuli, kuti ndipeze pogwira. Koma anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kundiimitsira yekha minibasi yobwerera. Ndinakwera. Titangokhota pakona pomwe paja inaima, n'kupakira amayi awiri amene ankathamanga akupuma wefuwefu. Ndinawasendera kuti akhale.

Kuchokera apo ndaona zambiri. Migolo ija aisunthapo kangapo, ndipo kuwoloka kumasuntha nayo ngati mthunzi. Akuti chindapusa anakweza. Akuti pa wailesi amalengeza tsiku ndi tsiku. Nyengo ya Khirisimasi apolisi amachuluka, Januwale akafika amabwerera kumene anachokera. Kunabweranso msonkhano wina pabwalo lomwe lija, bwana wina, nsapato zomwezo. Anthu ankandiyang'ana kuti ndiimirira. Ndinakhala. Ndikanapemphanso chiyani? Chilichonse chimene angaike pamsewupo, ife tomwe timachipezera njira yochizungulira, kenako n'kukalira kumanda. Wa minibasi akuti mafuta akwera, akapanda kupanikiza anthu ana ake agona ndi njala. Wokwera akuti ndikaisiya iyi ina ibwera liti. Wapolisi akuti ndawerenga, akwana. Aliyense akunena zoona, ndipo manda akudzaza.

Kenako kunabwera njinga zamotozi. Kale kabaza inali yopalasa, mnyamata ankatuluka thukuta, ndipo mukagwa munkangosupuka bondo. Izi zikakugwetsa amakutola ndi fosholo. Anyamata anaona kuti pa kuwoloka apolisi pali ntchito. Amadikira kumene minibasi zimatsitsira, kondakitala amachita kuwaimbira foni ali kutali. Otsitsidwa amakwera awiri, atatu, mwana pakati, chisoti n'cha woyendetsa yekha. Poti apolisi amagwiranso njinga zodzaza, iwo sadutsa pamigolo. Amalowa kanjira ka m'tchire, n'kukatulukira paphula kuseri kwa kona. Pakona, ana inu. Amatulukira pamene lole siingawaone.

Ndi ntchito imene akugwira mkulu wanuyu. Njingayo si yake n'komwe, ndi ya mwini golosale. Mnzake amene ankadikira naye limodzi, uja ankabwera kuno kudzadya mango, mvula yathayi anakumana ndi galimoto potulukira pomwepo. Ali moyo, inde. Amayi ake amamutembenuza pamphasa ngati khanda.

Lamulungu lapitali, tikuchokera kutchalitchi, ndinamuimitsa Yamikani pansi pa bwemba paja. Inu munali mutatsogola. Ndinamuuza kuti abweze njingayo kwa eni, munda wa mayi wake ku Bwanje ukulimidwa ndi alendo iye alipo. Anati mpunga umadyetsa kamodzi pachaka, njinga imadyetsa tsiku lililonse. Anati yunifolomu ya Tadala inachokera kuti, mankhwala anga a phazi anachokera kuti. Ndinati ndibwezere kutupa kwanga, mankhwalawo tenga. Ndinakweza mawu mpaka anthu a m'njira anaima. Ndinati, “Ukudya pamalo pamene anafera mayi wako, ulibe manyazi?”

Sanakweze mawu mwanayu. Anayang'ana pansi monga ndinamuphunzitsira, n'kuti, “Agogo, tsiku lija pakanakhala njinga, amayi sakanayenda pansi. Ine ndimawatsitsira anthu pachitseko cha minibasi penipeni. Sawoloka msewu.”

Ndinakweza ndodo. Ndinaitsitsa.

Sabata yonseyi ndakhala ndikufuna chomuyankha. Ndakuitanani lero poganiza kuti ndikaifotokoza nkhaniyi kuyambira pachiyambi, yankho ndilipeza panjira, monga munthu amapezera mpeni umene anataya akabwerera mmene anadzera. Ndafika kumapeto. Palibe. Akasiya iyeyu, mawa pakhala mnyamata wina panjinga yomweyo. Akasiya onse, amayi ayambanso kuthamanga pakona.

Ndi foni yako ikulirayo, Yamikani? Usaibise, ndaimva, makutu sanafe. Ndi kondakitala eti? Yankha. Ayi, yankha, usandiyang'ane ine. Ndakuletsa ndi mawu onse amene Mulungu anandipatsa, ndipo ndaona kuti sakukwana. Pita. Chingwe cha chisoticho umange, osangochiveka ngati chipewa cha ukwati. Potulukira paphula uziima, phazi ligunde pansi, ngakhale kondakitala atukwane amayi ako. Alibe choti angawachite tsopano.

Wapita.

Inu awiri, khalani kaye. Tadala, pukuta m'maso, undimvere. Chaka chamawa uyamba kukwera minibasi wekha kupita kusekondale, ndipo Chisomo akutsatira. Ine ndakuphunzitsani ulemu kuyambira muli kumbuyo, monga ndinaphunzitsira mayi wanu. Pakhomo pano, kutchalitchi, pamaliro, muzichita zomwezo. Koma m'minibasi ayi. Ikaima pafupi ndi migolo, kondakitala n'kuyamba kuyendetsa chala, muziyang'ana pawindo. Akakulozani mukane, mukuwe, achite kukunyamulani. Akaloza wina, ngakhale akhale nkhalamba yodwala yonga ine, ikufunafuna ndodo pansi pa mpando, inu gwirani mpando wanu ndi manja awiri, muisiye itsike.